Mafilimu a Lupanga ndi Nkhwayira: Mafunso ndi Mayankho

Amene anaonerapo chimunthu chadzitho, chodzola mafuta thupi lonse, chitavala kansalu kolekezera m'ntchafu, chikugwetsa nsanamira za nyumba yachifumu ndi unyolo, anaonera kale filimu ya mtundu uwu ngakhale samadziwa dzina lake. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amakonda kufunsa akangoyamba kuwakonda mafilimuwa, makamaka aja otengedwa ku nthano za Agiriki akale.

Kodi dzina limeneli linachokera kuti?

Pa Chingerezi amawatcha sword-and-sandal, kutanthauza lupanga ndi nkhwayira, chifukwa ngwazi ya m'filimu yotere siisowa ziwirizi. Poyamba linali dzina lachipongwe. Olemba za mafilimu a ku France anali ndi lawo, peplum, lochokera ku peplos, nsalu imene akazi a ku Greece wakale ankavala. Maina onse awiri anakhazikika, ndipo lero ngakhale okonda mafilimuwa amawatchula mopanda manyazi.

Dzinali limaphatikiza zambiri: nkhani za Aroma, za akapolo omenyana m'mabwalo, ngakhale za m'Baibulo monga za Samisoni. Pano tikunena za chigawo chimodzi chokha, cha milungu ya pa phiri la Olympus, zilombo za mitu yambiri ndi ngwazi monga Hercules, Jason, Perseus ndi Ulysses. Nkhwayira ilimo ndithu m'nthano ya Jason. Mfumu Pelias, imene inalanda ufumu wa bambo ake a Jason, inachenjezedwa kuti isamale ndi munthu wodzabwera atavala nkhwayira phazi limodzi, ndipo Jason anafika kumudzi inzake itatsala mumtsinje.

Filimu imene inayambitsa zonsezi ndi iti?

Ambiri amaloza *Le fatiche di Ercole* ya mu 1958, imene pa Chingerezi imangotchedwa *Hercules*. Anaitsogolera ndi Pietro Francisci, ndipo Hercules wake anali Steve Reeves, mnyamata wa ku America wonyamula zitsulo amene anapambana mpikisano wa Mr. America mu 1947 ndi wa Mr. Universe mu 1950. Sanali katswiri wa zisudzo. Chimene Francisci ankafuna chinali chifuwa, mapewa ndi nkhope yoti akazi asatsinzine, ndipo anazipeza.

Chimene chinaikweza filimuyi ndi malonda. Joseph E. Levine, wamalonda wa ku Boston, anagula ufulu woionetsa ku America ndi madola pafupifupi 120,000, kenako n'kuwononga oposa miliyoni imodzi poitsatsa pa wailesi, pa TV ndi m'manyuzipepala. Mu 1959 anaitulutsa m'nyumba zoonetsera kanema mazanamazana nthawi imodzi, anthu n'kukhamukirako asanamve n'komwe kuti olemba nyuzi akuinyoza. Ku Rome atamva za ndalama zimene zinalowa, aliyense wokhala ndi kamera anayamba kusakasaka munthu wa minofu. Pakati pa 1958 ndi 1965 anapanga mafilimu oterewa oposa 100.

Koma panali ina imene inalambula njira. Mu 1954 Mario Camerini anapanga *Ulisse*, Kirk Douglas ali Ulysses, Anthony Quinn ali mmodzi wa amuna ofunsira mkazi wa mwini mwiniwake ali moyo. Silvana Mangano anasewera mbali ziwiri, Penelope mkazi wodikira kunyumba ndi Circe mfiti yokopa, ngati kunena kuti Ulysses kulikonse kumene ankapita ankaona nkhope imodzi yomweyo.

N'chifukwa chiyani ambiri anapangidwira ku Italy, osati ku Greece kumene nthanozo zinachokera?

Nkhani yake ndi ya ndalama ndi zipangizo. Ku Rome kuli Cinecittà, malo aakulu ojambulirako mafilimu amene anatsegulidwa mu 1937. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makampani a ku America sankaloledwa kutulutsa ndalama zonse zimene ankapeza ku Italy, choncho ankazidyera konko pojambula mafilimu akuluakulu monga *Quo Vadis* ya mu 1951, *Helen of Troy* ya mu 1956 ndi *Ben-Hur* ya mu 1959. Akachoka ankasiya akalipentala, osoka zovala, oweta akavalo ndi akatswiri a magetsi odziwa kumanga mzinda wakale ndi matabwa ndi pulasitala. Opanga mafilimu a ku Italy ankangotola pamene anzawo asiyira. Si zachilendo kuona kachisi mmodzi yemweyo m'mafilimu atatu, lero ali ku Thebes, mawa ku Troy. Zithunzi za magulu ankhondo okwera pa akavalo nthawi zina ankakazijambula ku Yugoslavia, kumene anthu ndi akavalo anali otsika mtengo.

Ogula matikiti analiponso. M'matauni aang'ono a ku Italy anthu wamba ankapita kukaonera kanema kangapo pa sabata, ndipo ankafuna nkhani yosavuta: mfumu yankhanza, anthu osauka, mlendo wamphamvu wobwera kudzawongola zinthu ndi zibakera.

Hercules, Heracles, Maciste, Goliath: kodi ndi munthu mmodzi?

Heracles ndi dzina lachigiriki, Hercules ndi mmene Aroma ankamutchulira. Ameneyo ndi mmodzi, mwana wa Zeus mwa mkazi wa padziko dzina lake Alcmene. N'chimodzimodzi Odysseus ndi Ulysses. Mafilimuwa amasakaniza maina mosasamala, mwakuti mutha kumva Hercules, dzina lachiroma, akupemphera kwa Zeus, dzina lachigiriki.

Maciste sali m'nthano za Agiriki. Anabadwira m'filimu yopanda mawu ya mu 1914 yotchedwa *Cabiria*, ndipo anamusewera ndi Bartolomeo Pagano, amene ankagwira ntchito yonyamula katundu padoko la Genoa. Atamuukitsa cha m'ma 1960, Maciste analibe kwawo kapena nthawi yake: ankapezeka ku Egypt, kwa Amongoli, ngakhale kumidima. Ku America dzinali silinkadziwika, ndiye ogulitsa ankangolifufuta n'kulembapo Hercules, Samson kapena Goliath. Mukaona filimu yolembedwa Hercules koma mulibe Zeus kapena Hera, kayikirani. Mwina ndi Maciste wobatizidwa kachiwiri.

Osewerawo nawonso ankasintha maina kuti amveke ngati a ku America. Alan Steel anali Sergio Ciani, Kirk Morris anali Adriano Bellini.

Bwanji milomo ndi mawu sizigwirizana?

Chifukwa ku Italy nthawi imeneyo ankajambula zithunzi zokha, mawu n'kudzawaika pambuyo. Pamalo amodzi pankatha kukhala wa ku America, wa ku France ndi wa ku Italy, aliyense akulankhula chakwawo. Mawu amene mumamva pakamwa pa Steve Reeves m'mafilimu ake a Hercules si ake. Christopher Lee, amene mawu ake okhawo ankakwanira kuopseza munthu, anamuikira a wina m'filimu ya *Hercules in the Haunted World* ya Chingerezi. Ife amene tinazolowera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, mmene mnyamata mmodzi amalankhulira mfumu, msilikali ndi gogo, sitingadabwe nazo kwambiri.

Kodi mafilimuwa amatsata nthano mmene Agiriki ankazikambira?

Ayi, ndipo pamene amapatuka m'pamene pali nkhani.

Tiyambe ndi Hercules. M'nthano, ntchito zake 12 zinali chilango. Hera, mkazi wa Zeus, ankadana naye chifukwa anali mwana wa kuchibwenzi, ndipo anamuchititsa misala mpaka anapha ana ake omwe. Atatsitsimuka anakagwira ukapolo kwa mfumu Eurystheus kuti adziyeretse. Ndi munthu waukali, wadyera pa chakudya ndi vinyo, wolira ndi mlandu pamtima. Filimu ya mu 1958 inasesa zonsezo. Hercules wa Reeves ndi mnyamata waulemu, wokonda mkazi mmodzi, woti mutha kumupatsa mwana wanu. Pa ntchito 12 zija mumangooneka mkango ndi ng'ombe yamphongo, kwinako nkhani yake ndi ya ulendo wa Jason wokatenga ubweya wagolide.

Za Jason ndiye zinaphikidwa kwambiri. *Jason and the Argonauts* ya mu 1963 imathera pamene Jason ndi Medea, mwana wamkazi wa mfumu imene inkasunga ubweyawo, akupsompsonana m'chombo, ubweya uli m'manja, milungu ikuonerera kumwamba. Imathera pabwino chifukwa zotsatira zake sizikanatheka kuonetsa ana masana a Loweruka. M'nthano Medea anaphetsa mchimwene wake pothawa kwawo, ananyenga ana aakazi a Pelias kuti adule bambo awo nthulinthuli poganiza kuti awabwezera unyamata, ndipo Jason atamusiya kuti akwatire mwana wa mfumu ya ku Corinth, iye anapha mkwatibwiyo pamodzi ndi ana ake amene anabereka yekha. Wolemba zisudzo Euripides anaionetsa nkhaniyi pabwalo la zisudzo ku Athens mu 431 Yesu asanabadwe. Ofuna mbali yowawayi akaone *Medea* ya Pier Paolo Pasolini ya mu 1969, mmene muli woimba Maria Callas, koma imeneyo si filimu yoonera mukukazinga chimanga.

Palinso kubwerekana zilombo. Chinjoka cha mitu yambiri chotchedwa Hydra ndi cha nkhani ya Hercules, koma m'filimu ya mu 1963 anachiika kuti chizilondera ubweya. Talos, chimphona cha mkuwa, m'nthano anali mlonda wa chilumba cha Crete ndipo anagonja ndi matsenga a Medea ulendo wobwerera. M'filimu akumana naye popita, ndipo Jason ndi amene amatsegula chotsekera cha pa chidendene kuti madzi a moyo wake atayike.

Ine sindiona mlandu waukulu pa kusinthaku. Agirikiwo analibe buku limodzi lovomerezeka la nthano zawo. Mwa alakatuli awo, Homer ankakamba mwina, Hesiod mwina, Apollonius wa ku Rhodes mwinanso, ngati mmene nthano ya Kalulu imasinthira mukawoloka mtsinje. Chimene chimandinyansa pang'ono n'chakuti nthawi zonse amasinthira mbali imodzi: ngwazi kuiyeretsa, mkazi wanzeru ndi woopsa kumusandutsa wongodikira kupulumutsidwa, kapena mfumukazi yoipa yodzola kwambiri m'maso imene iyenera kufa filimu isanathe.

Mafupa omenya nkhondo a mu *Jason and the Argonauts* anawajambula bwanji, popeza kunalibe kompyuta?

Ndi manja a munthu mmodzi, Ray Harryhausen. Anabadwira ku Los Angeles mu 1920, ndipo ali mnyamata anaonera *King Kong* ya mu 1933 n'kutengeka nayo moyo wake wonse. Pambuyo pake anagwira ntchito ndi Willis O'Brien, amene anayendetsa chinyani chija.

Njira yake ndi iyi. Kanema ndi zithunzi zoima, 24 pa sekondi iliyonse, zothamangitsidwa mpaka diso kuona ngati zikuyenda. Harryhausen ankapanga chidole chachifupi, chosaposa mkono, chokhala ndi mafupa achitsulo opindika m'mfundo, chokutidwa ndi labala. Ankachisuntha pang'ono kwambiri, n'kujambula chithunzi chimodzi, kusunthanso, kujambulanso. Kuti chidole chioneke chili pamodzi ndi anthu, ankayamba wajambula osewera akumenya mphepo ndi malupanga, atawerengera sitepe iliyonse ngati gule. Kenako ankaonetsa zithunzizo kuseri kwa chidole, chimodzichimodzi, ataphimba mbali ya m'munsi ya chithunzi kuti adzaibwezere pambuyo, chidole n'kukhala ngati chaponda nthaka yomweyo imene anthu aponda. Njirayi anaipatsa dzina lamalonda loti Dynamation.

Tsono taganizani za nkhondo ya kumapeto kwa *Jason and the Argonauts*. Mfumu Aeëtes, bambo ake a Medea, imwaza mano a Hydra pansi, m'nthaka n'kutuluka mitembo 7 ya mafupa okhaokha, uliwonse ndi lupanga ndi chishango, kudzamenyana ndi amuna atatu. Uliwonse uli ndi mutu, manja awiri ndi miyendo iwiri, kutanthauza ziwalo 35 zoti zisunthidwe pa chithunzi chilichonse, ndipo lupanga la chidole lizigunda pamene lupanga la munthu lafika. Masiku ena ankaweruka atajambula zithunzi 13 zokha, zongopitirira pang'ono theka la sekondi. Nkhondo ya mphindi zochepayo inamudyera miyezi inayi ndi theka. Akaiwala kumene dzanja limodzi limalowera, panalibe makina omukumbutsa.

M'nthano, zotuluka m'nthakazo ndi asilikali athupi, ndipo Jason amaponya mwala pakati pawo iwo n'kuphana okhaokha. Mafupa ndi nzeru ya opanga filimu, ndipo apa ndivomereze kuti anaiposa nthano. Chinanso choti mukachione bwino ndi pamene Talos, atagwada pamwamba pa nyumba ya chuma, atembenuza mutu pang'onopang'ono, mkuwa ukulira ngati chitseko chadzimbiri. Kuyenda kodukizaduka kumene ena amati ndi chilema cha njirayi n'kumene kumachititsa kuti chimphona chachitsulo chikhulupirike. Zambiri za panja anazijambula kum'mwera kwa Italy, ndipo akachisi amene mbalame za nkhope ngati mizukwa zimazunzirapo Phineus wakhungu ndi enieni, a ku Paestum, omangidwa ndi Agiriki zaka zoposa 2,400 zapitazo. Nyimbo zake anapeka ndi Bernard Herrmann.

Harryhausen analandira ulemu wapadera wa Oscar mu 1992, ndipo anamwalira ku London mu 2013.

Nanga Kraken wa mu *Clash of the Titans* ali m'nthano iti?

Sali m'nthano ya Agiriki iliyonse. Dzinalo ndi la kwa amalinyero a ku Norway. Chilombo cha m'nyanja chimene chinkafuna kudya namwali Andromeda Agiriki ankachitcha Ketos. Kadzidzi wachitsulo Bubo ndi Calibos wa nyanga ndi mchira ndi zopeka za filimuyo. Kavalo wamapiko Pegasus m'nthano anatuluka m'magazi a Medusa, mkazi wa njoka m'malo mwa tsitsi, atadulidwa mutu, ndipo womukwera wodziwika ndi Bellerophon. Perseus, amene m'filimu amakwera Pegasus, m'nthano ankauluka ndi nkhwayira zamapiko. Ngakhale ma Titan a pa dzina la filimuyo, milungu yakale ija imene Zeus anaigonjetsa, mulibemo.

Pali china chimene owerenga a kuno angachione msanga. Olemba akale amati Andromeda anali mwana wa Cepheus, mfumu ya Aethiopia, dzina limene Agiriki ankatchulira maiko a anthu akuda. Filimuyi inatsata mwambo wina wakale umene umaika ku Joppa thanthwe limene anamumangirirapo, ndipo mbaliyo anasewera ndi Judi Bowker wa ku England.

Zonsezo zili apo, filimu ya mu 1981 imeneyi, yomaliza ya Harryhausen, ili ndi Medusa amene sanaposedwebe. Anamupatsa thupi la njoka, uta ndi mivi, n'kumuika m'kachisi wamdima wowala ndi malawi okha, kotero kuti kuwala kumavinavina pankhope pake pamene njoka za m'mutu mwake zikuyenda iliyonse payokha. Harry Hamlin ndiye Perseus, Laurence Olivier ndi Zeus, Maggie Smith ndi Thetis. Anaipanganso mu 2010 ndi zilombo za pakompyuta.

Kodi munthu wopemphera angaonere mafilimu a milungu yachilendo?

Zimenezo ndi za munthu ndi chikumbumtima chake. Chodziwika n'chakuti maina amenewa si achilendo kwa wowerenga Baibulo. Pa Machitidwe 14, anthu a ku Lustra ataona wopunduka akuyenda anayesa Barnaba ndi Zeus, Paulo ndi Hermes, mpaka wansembe kubwera ndi ng'ombe zoti apereke nsembe. Pa mutu 19 pali chipolowe cha ku Efeso chifukwa cha Artemis. M'mafilimumu milunguyi saiika kuti ipembedzedwe. Imakangana ngati banja la mitala, ndipo mu ya 1963 Zeus ndi Hera amasewera ndi miyoyo ya anthu pa tebulo ngati akusewera bawo.

Alipo wa mafilimuwa amene anakhalako kuno kum'mwera kwa Africa?

Alipo, Reg Park. Anabadwira ku Leeds ku England, anapambana Mr. Universe mu 1951, 1958 ndi 1965, ndipo anakhazikika ku Johannesburg kumene anali ndi malo onyamulirako zitsulo mpaka imfa yake mu 2007. Mu 1961 anasewera Hercules kawiri, mu *Ercole alla conquista di Atlantide* ya Vittorio Cottafavi ndi mu *Ercole al centro della terra* ya Mario Bava, imene pa Chingerezi ndi *Hercules in the Haunted World* ija. Arnold Schwarzenegger wanenapo kambirimbiri kuti Park ndi amene anamupatsa chilakolako chonyamula zitsulo ali mnyamata ku Austria.

Ya Bava ija ndi umboni wa zimene munthu waluso angachite ndi thumba lobooka. Dziko la akufa analimanga ndi miyala yabodza yowerengeka, utsi, ndi magetsi ofiira, obiriwira ndi abuluu, n'kumangosuntha zomwezo uku ndi uku.

Anathera pati?

Anthu anakhuta. Nkhani zitatha, opanga anayamba kukumanitsa Hercules ndi Samson, ndi anthu a kumwezi, ndi aliyense amene zovala zake zinalipo m'nyumba yosungira katundu. Sergio Leone, amene filimu yake yoyamba kuitsogolera yekha inali *Il colosso di Rodi* ya mu 1961, anatulutsa *A Fistful of Dollars* mu 1964, ndipo m'kanthawi kochepa akavalo omwe aja anali atanyamula anthu a zipewa ndi mfuti. Reeves, amene anavulala phewa pojambula *The Last Days of Pompeii* mu 1959, anasiya mafilimu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kukaweta akavalo ku California.

Mtunduwu umadzukadzuka. Lou Ferrigno anakhala Hercules mu 1983. Cha pakati pa zaka za m'ma 1990 pa TV panabwera Hercules wa Kevin Sorbo ndi Xena wa Lucy Lawless, ojambulidwa ku New Zealand. *Troy* ya mu 2004 inachotsamo milungu n'kusiya nkhondo ya anthu okhaokha, zimene kwa ine zili ngati ndiwo zopanda mchere, popeza kwa Homer milungu ndiyo imasonkhezera moto wonsewo.

Ndiyambe ndi iti?

*Jason and the Argonauts*, mosakayika, makamaka ngati pali ana, ngakhale aang'ono kwambiri angalote mafupa aja. Kenako *Ulisse*, kuti muone nkhani yokambidwa bwino ndiponso mmene uta umakungidwira kumapeto, zitseko za nyumba zitatsekedwa. Mukatero onerani *Hercules* ya Reeves kuti mudziwe chimene chinapengetsa anthu mu 1959, ya Bava chifukwa cha mitundu yake, ndi *Clash of the Titans* ya mu 1981 chifukwa cha Medusa.

Samalani ndi makope. Ambiri a mafilimu a ku Italy amene ali mbwee pa intaneti ndi otengedwa pa matepi akale a TV, ofwifwa, odulidwa m'mbali kuti akwane pa sikirini yaing'ono. Anajambulidwa otambalala, ndiye pa kope lodulidwa mumatha kuona Hercules akulankhula ndi mphuno ya munthu amene thupi lake latsala kunja. Funani lolembedwa kuti linakonzedwanso, lokhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi.